Mutu 6: Chimene Chinatseka Paipi ya Pamtunda

Talotani, inu owerenga. Pali paipi yachitsulo, yotakata ngati ndowa, imene imanyamula madzi kuchokera ku pampu ya kuchigwa, kukwera mtunda, n'kutsetserekera ku thanki ya tsidya lina. Paipiyo sinabooke paliponse. Pampu ikulira bwinobwino. Komabe madzi sakufika ku thanki. Kodi n'chiyani chimene chakhala m'katimo n'kuwatsekera njira?

Anthu a m'tauni imene izi zinachitikira analota zambiri sabata imeneyo. Ena anati ndi mwala, ena anati ndi galu wakufa. Inu sungani yankho lanu, timve kaye za mtsikana wina.

1. Kuseri kwa galaja

Anzake ankamutchula kuti Dontho. Dzinali linabwera chifukwa cha kalabu yosamala madzi ya pasukulu pawo, imene iye anali mtsogoleri wake. Akaona mpopi ukudontha ankasiya zonse n'kuthamangira kukautseka, uku akukalipira aliyense amene ali pafupi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wanzeru m'kalasi, koma wosachedwa kuchita zimene mtima wamuuza.

Bambo ake anali woyendera mapaipi a kampani ya madzi. Anzawo a kuntchito ankawatchula kuti a Makutu, poti akagunditsa ndodo pa paipi n'kuikapo khutu ankadziwa pamene pavuta. Koma masabata atatu m'mbuyomo anagwera m'dzenje akukonza paipi ya pamtunda, n'kuthyoka mwendo. Tsopano ankangokhala pabalaza, mwendo uli m'chikhakha, wailesi ili pambali.

Kuseri kwa chitseko, pa msomali, pankakhala kiyi wawo wa kuntchito, wotsegulira zivundikiro zachitsulo za m'misewu. M'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti kiyi ameneyo sakhudzidwa.

Loweruka m'mawa mayi ake anamutuma kukatenga yunifolomu kwa telala. Pobwerera anadzera njira yachidule ya kuseri kwa galaja, pamwamba penipeni pa mtunda. Pakati pa matayala akale ndi udzu anamva phokoso: "Tsiii, pfu! Tsiii, pfu!"

Anayandikira. Panali kanyumba ka njerwa kolekeza m'mawondo, kokhala ndi chivundikiro chachitsulo. M'mbali mwa chivundikirocho munkatuluka nkhungu ya madzi, ndipo kamtsinje kankayenderera m'dothi mpaka ku ngalande.

"A makaniko!" anakuwa Dontho. "Madzi akutayika chonchi, inu n'kumangomanga mabawuti?"

Mwini galajayo, bambo wonenepa wa ovololo yodetsedwa ndi oilo, anatulutsa mutu pansi pa galimoto.

"Ee, kwabwera nduna ya madzi! Zisiye zimenezo, mwanawe. Chinthucho chimatsokomola choncho kuyambira kale. Bambo ako amabwera, amachitsuka, chimasiya. Dikira achire."

"Achire liti? Madziwa azingotayika mpaka mwezi wamawa?"

Sanadikire yankho. Anathamangira kunyumba, napeza bambo ake akusinza, wailesi ikuyankhula yokha. Anachotsa kiyi pa msomali mwakachetechete, n'kumukulunga m'yunifolomu muja.

Chivundikiro chinatseguka mosavuta. M'katimo, pamsana pa paipi yaikulu, panaima chinthu chonga mphika wachitsulo. Pamwamba pake panali kabowo kamene kankalavula madzi aja. Pansi pake panali kagudumu kofiira.

Makaniko anadzaima kumbuyo kwake, akupukuta m'manja ndi kansanza.

"Tamvera, mwana wa a Makutu. Ine ndakonza magalimoto zaka makumi awiri. Injini ikabwera ndi kabowo kamene sindikukadziwa, sindithamangira kukatseka ayi. Ndimayamba ndafunsa kuti anakabooleranji. Wopanga zitsulo saboola kabowo chifukwa chosowa chochita. Safunsa anadya phula, mwanawe. Bambo ako ali pompano, ulendo wa mphindi khumi. Pita ukawafunse."

"Ndikakawafunsa andikalipira za kiyi."

"Ndiye kuti ukudziwa kale kuti ukulakwa."

Dontho anagwira kagudumu kaja n'kuyamba kukapotokola. Madzi anachepa, koma ankadonthabe. Anatola chitsulo chachitali pa mulu wa zakutha, nachilowetsa m'kagudumumo, n'kukankha ndi thupi lake lonse. Kagudumu kanalira, kenako ponse panangoti zii.

"Mwaona? Ngakhale dontho limodzi!"

Makaniko anapukusa mutu. "Ine sindinaone kanthu," anatero, n'kubwerera pansi pa galimoto. Dontho anatseka chivundikiro, n'kukabweza kiyi pa msomali bambo ake asanadzuke.

2. Mipopi iyamba kutsokomola

Lolemba magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo pampu ya kuchigwa inaima. Atayakanso, pampu inayambiranso kulira monga mwa masiku onse.

Lachiwiri madzi a m'mipopi ya tsidya la thanki, kumene kunali nyumba ya a Makutu, anaonda ngati chingwe cha nsapato. Lachitatu mipopi inangotsokomola kawiri n'kuuma gwa. Kusukulu anakhoma zimbudzi. Kuchipatala anamwino ankalandira ndowa kwa abale a odwala. Msewu wa kuchigwa unadzaza ndi anthu a zigubu ndi mawilibala.

"Mayi Dontho, madzi munasunga aja mwawabisa kuti?" ankamuseka anzake m'kalasi. "Tigawireniko dontho limodzi!"

Iye ankaseka nawo. Sankadziwa kanthu.

Tsiku lomwelo masana galimoto ya kampani inaima pakhomo pawo. Munatuluka injiniya, mnyamata wa nsapato zonyezimira amene anali atangotha miyezi iwiri pa ntchitoyo. Pambuyo pake panali kapitawo wa okumba, mnzawo wakalekale wa a Makutu. Dontho anawapatsa mipando, n'kukaima pakhomo la kukhitchini ndi ndowa yopanda kanthu m'manja.

Injiniya sanataye nthawi ndi malonje.

"A Makutu, tsiku munagwa lija, munatseka kukamwa kwa paipi ndi chiguduli kuti dothi lisalowe. Zoona?"

"Zoona, bwana. Timatero nthawi zonse tikamapita kokapuma."

"Munachichotsa?"

"Ndi dzanja langali."

"Anakuonani ndani?"

A Makutu anayang'ana kapitawo. Kapitawo anayang'ana pansi.

"Ine nthawi imeneyo ndinali kugalimoto, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ndinangomva kuti mwagwa. Anyamata analumikiza paipi tili kuchipatala."

"Mwamva," anatero injiniya. "Chiguduli chanucho chinatsalira m'katimo. Magetsi atayaka Lolemba, madzi anachikankha n'kukachipanikiza pamtsetse. Mawa m'mawa tikumba pamenepo. Tikachipeza, musavutike n'kudikira kalata. Mudziwiretu kuti ntchito yatha."

"Bwana, mwakaiona valavu ya mpweya ya kuseri kwa galaja?"

Injiniya anatambasula mapu patebulo n'kuyendetsapo chala. "Pamenepo palibe valavu."

"Pa mapu palibe, koma pamtunda ilipo. Tinaiika mapuwo atajambulidwa kale."

"Ndadutsapo m'mawa, achimwene," analowererapo kapitawo. "Ili bwinobwino. Pali zii, pouma gwa, sipakudontha ngakhale pang'ono."

"Ndiye nkhani yatha," anatero injiniya, akupinda mapu ake.

3. Mawu a bambo

Galimoto itapita, a Makutu anakhala nthawi yaitali akusisita chikhakha chawo.

"Zii?" anayankhula okha. "Valavu imene ija iti zii?"

Kenako anaona mwana wawo ali chilili pakhomo paja.

"Takhala apa, mwanangu. Iwe umakonda za madzi, lero umve zimene sakuphunzitsani kusukulu. Madzi sayenda okha m'paipi. Amayenda ndi mpweya, timathovu ting'onoting'ono tonga ta m'botolo la zakumwa. Madzi amakonda kutsika, mpweya umakonda kukwera. Ndiye timathovuto timasonkhana pamwamba pa mtunda, lero pang'ono, mawa pang'ono. Pampu ikaima ngati Lolemba lija, madzi amachokamo ndipo mpweya umalowa wambiri. Ukapanda kupeza potulukira umakhazikika pamenepo ngati munthu wonenepa pakhomo la basi. Okwera sakwera, otsika satsika.

"N'chifukwa chake tinaika valavu ija. Imeneyo ndi mphuno ya paipi. M'kati mwake muli kampira koyandama. Mpweya ukachuluka kampirako kamatsika, kabowo kamatseguka, mpweya n'kumatuluka kuti tsiii. Madzi akafika, kampira kamakwera n'kutseka. Kamchenga kakalowapo imalavula madzi pang'ono, ndipo umangoitsuka basi. Munthu wosadziwa akaimva ikulira amati yawonongeka. Ayi, ikamalira ndiye kuti ili moyo. Imene yangoti zii masiku onse, imeneyo ndiye yakufa."

Dontho anali akadali ndi ndowa ija m'manja. Anaiika pansi.

"Nanga munthu atatseka kagudumu ka pansi pake?"

Bambo ake anamuyang'ana. "Wadziwa bwanji kuti pali kagudumu?"

"Ndinakuonanipo muli pa ntchito."

"Oo. Kagudumu kameneko timatseka pokhapokha tikamatsuka, kenako timatsegulanso. Koma angakatseke ndani? Kiyi ndi uyo pa msomali. Ndipo umvetsetse, mwanangu. Tsiku anandipatsa kiyi ameneyu ndinasaina ndi dzanja langa kuti akadzapezeka kwa munthu wina, kaya mkazi wanga, kaya mwana wanga, ntchito idzatha tsiku lomwelo. Mnzanga wina anabwereketsa wake kwa mlamu wake ola limodzi lokha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ntchito zinathera pa ola limenelo. Kiyi ameneyu satsegula chitsulo chokha ayi. Amatsegula madzi a anthu masauzande, odwala ndi makanda omwe.

"Koma chimene chikundidya mtima si ntchito yokha. Ngati m'paipimo muli mpweya, ndiye kuti wapanikizika masiku atatu. Madzi amangokunyowetsa, koma mpweya wopanikizika umamenya. Munthu akamasula mabawuti mothamanga ataima kutsogolo, chitsulo chimamuulukira kumaso. Ndinaonapo mnyamata wina akutaya mano anayi ndi diso. Akanakhala kuti okumbawo andimvera, mawa akanamasula pang'onopang'ono ataima pambali."

Anatenga foni n'kuimbira injiniya. Foni inalira mpaka inadziduka yokha. Anaimbira kapitawo, ndipo Dontho anamva kuseka kwake kuchokera m'foni.

"Achimwene, mwendowo wayamba kukupwetekani mpaka kumutu? Ndakuuzani kuti valavu ili bwino. Pumani inu, zisiyireni ife."

A Makutu anaika foni pansi, n'kuyang'ana ndodo zawo zoyendera zimene zinatsamira khoma.

"Mtunda umenewu sindingaukwere. Pita iwe, ukaime pafupi ndi chivundikiro, ukamvetsere. Kumvetsera basi. Usakakhudze kanthu."

4. Kagudumu kofiira

Bambo ake atatembenuka kuti akonze mtsamiro, Dontho anachotsanso kiyi pa msomali.

Anakwera mtunda akuthamanga, kulambalala anthu a zigubu. Atatsegula chivundikiro anagwada n'kugwira kagudumu ndi manja onse awiri. Sikanasunthe. Anayesanso mpaka zikhatho zinafiira. Kagudumu kanali ngati kanamerera pomwepo.

Chitsulo chachitali chija chinali pamene anachisiya Loweruka. Anachilowetsa, nakankhira mbali inayo.

"Iwe, pang'onopang'ono!" anakuwa makaniko, akubwera mothamanga. "Thira kaye oilo, chimenecho chinamangidwa mopitirira..."

Thyo!

Dontho anagwa chagada m'udzu. Kagudumu kanagubuduka n'kukaima pa phazi la makaniko. Kachitsulo kamene kankagwira kagudumuko kanali katathyokera m'kati.

Makaniko anagwada, nasuzumira. Anakatenga pulayala, kenako sipanala yaing'ono, kenako ina yaing'ono kuposa pamenepo. Panalibe pogwira.

"Chonde, a makaniko, yesaninso."

"Ndigwire pati, mwanawe? Wathyola khosi, mutu ndi uwu uli apa."

"Ndiye tichotse chinthu chonsecho."

"Pampu ikulira? Ukufuna atitole kutsidya kwa msewu? Kuti uchotse ichi pafunika kuzimitsa pampu, ndipo pampuyo si yanga, si yako."

"Nanga ndichite chiyani?"

Makaniko anabweza masipanala m'thumba la ovololo limodzilimodzi. Nthabwala zake zija zinali zitamuthera.

"Loweruka ndinali nalo yankho. Lero ndilibe. Madzi akatayika sawoleka, ndipo iwe ukudziwa zimenezi kuposa ine."

Dontho anakhala pa tayala lakutha. Pansi pa mapazi ake paipi inkanjenjemera pang'onopang'ono. Kumunsi mzere wa anthu a ndowa unali utafika pamphambano. Mayi wina wobereka mwana kumbuyo anapunthwa, ndowa yake n'kutayika yonse, ndipo anangotembenuka n'kuyambanso kutsika.

Dontho anatola kagudumu, natseka chivundikiro, n'kubwerera kunyumba.

"Wamva chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Pali zii, bambo."

A Makutu anatseka maso. Dontho anabweza kiyi pa msomali iwo asanawatsegule.

5. Mawu a mayi

Mayi ake anali kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale ndi kapu imodzi ya madzi. Dontho anatulutsa kagudumu pansi pa juzi n'kukaika pa benchi. Anafotokoza zonse, kuyambira Loweruka.

Mayi ake sanakuwe. Anaika mbale pansi bwinobwino, n'kukhala pa benchipo.

"Mwana iwe. Mwana iwe, watipha."

"Ndimafuna kupulumutsa madzi, amayi."

"Wawapulumutsa, si awa tikusambira!" Anatsitsa mawu, akuyang'ana zenera la pabalaza. "Tamvera bwino, poti sindibwereza. Nkhani iyi ndi khoswe wakhala pa mkhate. Ukamumenya, waswa mkhate. Ukamusiya, akudyera. Mawa akakapeza chiguduli, bambo ako ntchito yatha, ndipo pamenepo ife tilibe chochita. Koma akakapanda kupeza kanthu, adzakanda mitu, adzalumikiza paipi, madzi adzabwera, nkhani n'kuiwalika. Valavuyo akadzaipeza yothyoka adzati ndi dzimbiri. Iwe ukangotsegula pakamwa, injiniya uja funso lake loyamba likhala la kiyi. Ndipo bambo ako, mwendo umodzi chonchi, zaka zimene ali nazozi, adzawalemba ntchito ndani? Nyumba tikukhalayi ndi ya kampani. Azing'ono ako awiri ali pasukulu. Sindikukuuza kuti uname, mwanangu. Ine sindinakuphunzitsepo bodza. Ndikukuuza kuti usayankhule."

"Koma bambo anati mpweya umamenya. Anati akamasula mothamanga..."

"Kapitawo uja si mwana. Wagwira ntchito imeneyi iwe usanabadwe."

"Sakukhulupirira kuti muli mpweya. Ndamumva akuseka."

Mayi ake anatola kagudumu, nakatembenuza m'manja, n'kukabwezanso pa benchi. Maso awo anali atadzaza misozi.

"Ndiye ukufuna ndinene chiyani? Ine ndasowa mtengo wogwira. Kataye chimenechi kudzala, ndipo bambo ako asachione."

Dontho anatenga kagudumu. Kudzala sanapiteko. Anakaika m'chikwama cha mabuku.

6. Pa dzenje

Lachinayi m'mawa njira ya kusukulu inali yodzaza. Pamtsetse, mapazi ngati zana limodzi kutsika kuchokera pa galaja, okumba anali atafukula kale paipi. Pampu anali ataizimitsa. Anthu anaima m'mbali mwa dzenje ndi ndowa zawo, aliyense akunena zake.

"Ndi galu ameneyo, ine ndinamva fungo Lachiwiri!"

"Galu analowera pati, ankolo? Pa mpopi wanu?"

M'dzenjemo anyamata awiri anali atagwira masipanala akuluakulu pa mabawuti a polumikizira. Mmodzi anawerama, nkhope yake ili pafupi penipeni ndi chitsulo, akuimba kanyimbo. Bawuti yoyamba inali itamasuka kale.

Dontho anadutsa. Anayenda mpaka pa mtengo wa magetsi wachiwiri. Belu la kusukulu linali likumveka chapatali. Anaima, natembenuka, n'kubwerera akupanikiza anthu ndi zigongono.

"A injiniya! Aletseni amasule pang'onopang'ono. Aime pambali!"

Injiniya anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Si mwana wa a Makutu uyu? Akutuma bambo ako? Pita kusukulu, wachedwa."

"Valavu ya kuseri kwa galaja ndi yotseka."

"Ili bwinobwino, mwanawe," anatero kapitawo. "Ndinaiona ndekha."

"Munaona chivundikiro. Simunatsegule."

Anthu anaseka. Wina anakuwa kuti, "Mpatseni chipewa, ndiye injiniya watsopano!"

Dontho anatsegula chikwama. Anatulutsa kagudumu kofiira kaja n'kukakweza m'mwamba. 

"Ndinaitseka ine Loweruka, chifukwa inkadontha. Dzulo ndinayesa kuitsegula, n'kuthyola."

Kuseka kunatha. Kapitawo analanda kagudumu, nayang'ana pothyokapo. Nkhope yake inasintha. Anathamangira m'mphepete mwa dzenje.

"Siyani! Iwe, chotsa mutu wakowo pamenepo! Tulukani nonse, ndimasula ndekha!"

Injiniya sanasunthe. Maso ake anali pa Dontho.

"Chivundikiro chimene chija sichitseguka ndi mano. Unatsegula ndi chiyani?"

Dontho anayang'ana anthu. Makaniko anali pakati pawo, ndipo anazemba maso ake. Kumbuyo kwenikweni kunali mayi ake, ndowa ili pamutu, dzanja lili pakamwa.

"Ndikufunsa, mtsikana. Unatsegula ndi chiyani?"

"Ndi kiyi wa bambo."

"Anakupatsa?"

"Ayi! Ndinatenga ndekha, iwo ali m'tulo. Sakudziwa kanthu mpaka pano. Chonde, bwana, cholakwa ndi changa. Ndilangeni ine."

"Iwe sunasaine pepala lililonse. Anasaina ndi bambo ako, ndipo lamulo silifunsa kuti anali m'tulo ndani." Injiniya anatulutsa kabuku m'thumba n'kulembamo. "Mawa eyiti koloko, iwe ndi bambo ako ku ofesi. Mubwere ndi kiyiyo. Kaya abwera pa ndodo, kaya pa wilibala, koma afike."

"Koma mukapanda kupeza chiguduli..."

"Tikachipeza akhala ndi milandu iwiri. Tikapanda kuchipeza akhala ndi umodzi. Umodzi ndi wokwanira."

 Dontho atayang'ananso kumbuyo, mayi ake anali atapita.

Kapitawo anatsikira m'dzenje yekha. Anaima pambali pa paipi, natambasula mkono, n'kupotokola bawuti pang'ono, kenako ina pang'ono. Poyamba panamveka kakhweru. Kenako paipi inabangula. Fumbi linabuka m'dzenjemo n'kukwera kuposa mitu ya anthu. Chipewa cha kapitawo chinauluka n'kukagwera kutsidya kwa msewu. Sipanala imene mnyamata woimba uja anaisiya pa bawuti inamenya khoma la dzenje n'kuzikika m'dothi. Ana anathawa akulira, akulu anatseka makutu.

Kubangulako kunatenga nthawi yaitali, kenako kunayamba kuchepa mpaka kunatha. Mnyamata woimba uja anakhala pansi pa mulu wa dothi, akuyang'ana sipanala yake.

Okumba anatsikanso. Anamasula mabawuti otsala, namanga zingwe, n'kukweza chigawo cha paipicho. Injiniya anavula jekete, natenga tochi, n'kugwada m'matope ndi nsapato zake zonyezimira zija. Anaunika mbali ya kumtunda. Anaunika mbali ya kuthanki. Anaitanitsa ndodo zazitali zolumikiza, nazilowetsa mpaka zonse zinatha, uku ndi uku. Zinatuluka zoyera.

Anthu anayandikira m'mphepete mwa dzenje, makosi ali m'mwamba. Dontho anaima yekha, chikwama chili chotsegula.

M'paipimo munalibe mwala, munalibe galu, munalibe chiguduli. Chimene chinatseka madzi masiku onse aja chinali mpweya.